Sabata imene tinapita ku Chilenje

Ndimaphunzitsa Giredi 7 pasukulu ina ya boma ku Chawama, ndipo sabata yathayi inali ya ulendo. Lolemba ndi Lachiwiri zinathera pa makalata a chilolezo ndi ndalama za basi. Makolo ambiri kuno amagulitsa pamsika kapena kugwira maganyu, choncho ndalama zimabwera mwapang'onopang'ono, wina lero, wina mawa. A hedi anavomera kuti ana amene alephera kulipira apitebe, ife aphunzitsi tisonkhe zotsalazo. Ine sindingasiye mwana m'kalasi anzake akukwera basi.

Lachitatu tinayambira pa Freedom Statue, mu Independence Avenue, chipilala cha munthu wodula maunyolo chija. Tinalowanso mu Lusaka National Museum, imene inatsegulidwa mu 1996, koma kumeneko ana anangothamangira kuona ichi ndi icho.

Phokoso linatha titafika ku Chilenje House 394, nyumba imene a Kenneth Kaunda anakhalamo kuyambira 1960 mpaka 1962 akutsogolera chipani cha UNIP. Ana angawa tsiku la 24 Okutobala 1964, limene Zambia inalandira ufulu, analiloweza kalekale, ndipo pamayeso salilakwa. Koma ankaganiza kuti ufulu anaumenyera anthu a m'nyumba zikuluzikulu. Ataona kuchepa kwa zipindazo, mtsikana wina amene m'kalasi sakweza dzanja anandikoka malaya.

"Aphunzitsi, a Kaunda ankagona muno ndi ana awo? Nanga si ngati kwa agogo anga?"

Ndinamuyankha kuti inde mwanangu, muno momwemo. Anyamata anali atazungulira Land Rover yakale imene ili panja, akufunsa kuti inkafika kuti. Apa mpamene ndinawafotokozera mmene atsogoleriwo ankayendera m'midzi ndi m'matauni kuchititsa misonkhano, boma la atsamunda likuwalondalonda. Anamvetsera mpaka dalaivala anachita kutiimbira hutala.

Lachinayi ndinawauza kuti alembe zimene anaona. Mtsikana uja anadzaza masamba, chikhalirecho masiku ena amalemba mizere yowerengeka. Chimene chimandipweteka nchakuti Chilenje si kutali ndi Chawama, koma ambiri mwa anawa anali asanapondeko.

Pamsonkhano wa aphunzitsi Lachisanu ndinapempha kuti temu ikubwerayi tiwatengere ku Munda Wanga ku Chilanga, akaone okha nyama ndi mitengo imene timawajambulira pabolodi pa phunziro la sayansi. Tagwirizana zoyamba kusonkha ndalama temu ikangotsegulidwa, kuti makolo azipereka mmene angathere.