Loweruka: wansembe amene sanakondwe ndi mawu a Papa

M'mawa kunabwera mphwanga, mwana wa achemwali, kope la sayansi lili m'manja, nkhope ili yakugwa. "Amalume, aphunzitsi akuti dzikoli lakhala zaka 4.5 biliyoni, koma kutchalitchi amati masiku asanu ndi limodzi. Akunama ndani?" Ndinamuuza kuti atsegule Genesis 1 awerenge mokweza. Atafika pa vesi 16 ndinamuimitsa. Kuwala kulipo tsiku loyamba, madzulo ndi m'mawa zikuwerengedwa, koma dzuwa likudzapangidwa tsiku lachinayi. Nanga masiku atatu oyambawo ankayezedwa ndi chiyani? Mnyamata anangoti kukamwa yasa. Funsoli ndi lakalekale. Origen, mphunzitsi wachikhristu wakale, analifunsa m'zaka za m'ma 200, ndipo Augustine, bishopu wa ku Hippo, cha m'ma 400, anachenjeza Akhristu kuti asamayankhule zopanda mutu za nyenyezi ndi dziko pamaso pa anthu ozidziwa, popeza mapeto ake Malemba ndiwo amasekedwa. Onse awiriwa anamwalira zaka zoposa 1,000 Darwin, wasayansi wa ganizo la kusintha kwa zamoyo, asanabadwe.

Atapita, ndinakhala pa kompyuta masana onse kuwerenga za Georges Lemaître, wansembe wa Katolika wa ku Belgium. Mu 1927 anagwiritsa ntchito masamu a Einstein n'kuonetsa kuti chilengedwe chikufutukuka. Mu 1931 anafika patali: ngati chikufutukuka, ndiye kuti kumbuyoku zonse zinali zothinana pamalo amodzi. Wasayansi Fred Hoyle, amene sankagwirizana ndi ganizoli, ndiye anayamba kulitchula kuti Big Bang pa wailesi ya BBC mu 1949, dzinalo n'kukakamira.

Chandigwira mtima ndi cha mu 1951. Papa Pius XII anayankhula ngati kuti sayansi tsopano yachitira umboni mawu aja akuti "Kuyere". Munthu akanayembekeza kuti wansembe avina, poti ntchito yake yatamandidwa ndi mkulu wa mpingo wake. Lemaître sanakondwe nazo. Kwa iye, chiyambi chimene masamu amaloza ndi kulenga kumene chikhulupiriro chimanena zinali nkhani ziwiri, ndipo kumangirira Mulungu ku ganizo la asayansi n'kumuika pangozi tsiku limene ganizolo lidzasinthe. Ine pamenepa ndamuvulira chipewa. Alaliki ambiri amathamangira chilichonse chatsopano cha asayansi n'kumati "mwaona, Baibulo linanena kale". Lemaître anamwalira mu 1966, atangomva kuti asayansi Arno Penzias ndi Robert Wilson apeza kutentha kotsalira kwa chiyambicho.

John Polkinghorne, amene anasiya uprofesa wa fizikisi ku Cambridge mu 1979 kuti akhale wansembe wa Anglican, ankakonda chitsanzo cha ketulo. Ikuwira chifukwa chiyani? Chifukwa moto ukutenthetsa madzi. Komanso chifukwa wina akufuna tiyi. Mayankho onse ndi oona, palibe lolanda malo a linzake.

Zimenezi n'zosavuta kumeza. Povuta ndi pa Adamu, ndipo madzulo alamu anga, omwe ndi mkulu wa mpingo, anandipanikiza pomwepo pa foni. Nkhani ya m'mawa ija inali itawapeza kale kudzera kwa achemwali.

"Alamu, za nyenyezizo sindikutsutsa," anatero. "Koma Aroma 5 vesi 12 mumaiwerenga bwanji? Uchimo unalowa ndi munthu mmodzi, imfa n'kulowa ndi uchimowo. Mukachotsa Adamu, Khristu anadzakonza chiyani?"

Ndinawafotokozera za Francis Collins, amene anatsogolera ntchito yowerenga DNA yonse ya munthu, yomwe inatha mu 2003. Poyamba sankakhulupirira Mulungu, anatembenuka akuphunzira udokotala, ndipo mu 2007 anayambitsa bungwe la BioLogos, lolimbikitsa kugwirizana kwa sayansi ndi chikhulupiriro. Collins sazemba umboni. Munthu ali ndi makromozomu (timitolo ta DNA) 23 awiriawiri, chimpanzi 24, ndipo kromozomu yathu yachiwiri imaoneka kuti ndi ziwiri zolumikizana, mfundo yake ili poonekera chapakati. Iye amati Mulungu analenga kudzera m'kusintha kwa zamoyo kwa pang'onopang'ono, ndipo imeneyo ndi njira imene anasankha yekha.

"Nanga Adamuyo?" alamu sanasunthe.

Apa asayansi achikhristuwo nawonso sayankhula chimodzi. DNA ya anthu a lero imaloza ku gulu la makolo zikwi zingapo, osati awiri okha. Ena amati Adamu ndi Hava ndi chithunzi cha mtundu wonse wa anthu. Ena amatsata ganizo la mbusa John Stott, loti Adamu anali munthu weniweni amene Mulungu anamusankha pakati pa ena omwe analipo kale n'kumuika m'chifanizo chake. Amakumbutsanso kuti Kaini ankaopa kuphedwa ndi anthu, ndipo anali ndi mkazi kudziko la Nodi. Pa za imfa, amati Paulo akunena za imfa ya munthu ndi kulekana kwake ndi Mulungu, chifukwa mafupa a m'miyala akuonetsa kuti nyama zinkafa zaka mamiliyoni munthu asanakhalepo.

Alamu anavomera za Kaini, za imfa anakana kwamtuwagalu. Akuti ku 1 Akorinto 15 Paulo akunena za kuuka kwa thupi, choncho imfa imene Adamu anabweretsa iyeneranso kukhala ya thupi. Ganizo la Stott ndi limene likundikhutiritsa kuposa enawo, koma mfundo ya alamuyi ndi yolemera, ndipo ndawauza kuti mawa tikatuluka m'tchalitchi tiwerengere limodzi chaputala chonsecho.