Loweruka pa Mulunguzi, madzi ataphwera

Ndinanyamuka m'tauni ya Zomba kusanache kupita kukawedza nsomba, ndipo pamene ndinkafika pamwamba pa phiri, chifunga chinali chisanachoke m'mitengo ya paini. Kumunsi mwezi wa October wayamba kale kuwotcha, koma kumtunda munthu amavalabe juzi m'mawa. Kuzizira kumeneku ndi kumene kunachititsa azungu a nthawi ya Nyasaland kubweretsa nsomba za trout za mtundu wa rainbow kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ndipo mpaka lero zimatchulidwa pamodzi ndi mapiri a Zomba, Mulanje ndi Nyika. Kwawo kwenikweni ndi kumadzulo kwa North America, ndipo madzi akatentha kupitirira madigiri 20 zimayamba kufooka chifukwa mpweya umachepa m'madzimo.

Ndinasiya galimoto kufupi ndi mathithi a Williams n'kuyamba kutsata mtsinje wa Mulunguzi chokwera. Madzi aphwera kwambiri chaka chino, ndipo ndi oyera moti mwala uliwonse wa pansi ukuoneka. Ndisanamange kanthu pa chingwe ndinaviika kachipangizo koyezera kutentha, ndipo kanaonetsa madigiri 15. Kenaka ndinavundukula miyala ingapo ya m'mphepete, monga anandiphunzitsira amalume anga, amene ankanena kuti msodzi ayenera kufunsa mtsinje chimene nsomba zikudya tsikulo. Pansi pa miyalayo panali tizilombo takuda tophwatalala, tina tobisala m'tinyumba tamchenga, ndi kankhanu kamodzi kamene kanandiopseza ndi mano ake kasanathawe. Pamwamba pa madzi sipankauluka chilichonse, choncho ndinasankha nyambo yomira yaing'ono yaulusi wabulauni.

Ndili mkati momanga, anatulukira bambo wina wachikulire atasenza mtolo wa nkhuni. Titapatsana moni anaima n'kumayang'ana mbedza yanga, kenaka anafunsa mwaulemu kuti, "Pepani bambo, kodi nyongolotsi mwaiwala kunyumba?" Ndinawaonetsa bokosi langa n'kuwafotokozera kuti pa usodzi uwu nyambo ndi nthenga ndi ulusi zomangidwa pa mbedza kuti zifanane ndi kachilombo, ndipo popeza nyamboyo ilibe kulemera, chimene munthu amaponya ndi chingwe chonenepa chimene chimaikoka. Iwo anapukusa mutu n'kunena kuti nsomba yodya nthenga ndiye kuti njala yake yafika povuta. Anawonjeza kuti ali mnyamata nsombazi ankaziona zambiri m'maiwe omwewa, mitengo ya m'mbali isanadulidwe, ndipo mawu amenewa anandikhala m'mutu tsiku lonse, chifukwa pamene mthunzi wachoka madzi amatentha msanga, ndipo dothi lokokoloka limakwirira timiyala timene nsombazi zimaikirapo mazira.

Dziwe loyamba ndinaliwononga ndekha. Ndinafika chiimirire, dzuwa lili kumsana, chithunzithunzi changa n'kugwera pamadzi, ndipo ndinangoona kanthu kakuda kakuthamangira pansi pa mwala. Pa kamtsinje kotere, kamene m'malo ena munthu angathe kukalumpha, luso loponya patali limene anthu amanyadira kumadamu lilibe ntchito. Chofunika ndi kufika nsomba isanakuone. Trout imaima chopenya kumene madzi akuchokera, kudikira chakudya chobwera ndi mkokomo, choncho msodzi ayenera kuidzera kumbuyo, akuyenda chokwera, atawerama, osagunda miyala ndi nsapato.

Pa dziwe lachiwiri ndinafika chokwawa ndi maondo. Apa vuto linali nthambi, pakuti kumbuyo kunali zitsamba zowirira ndipo kukweza chingwe m'mwamba kukanangokoletsa mbedza m'masamba, monga zinandichitikira kawiri pambuyo pake mpaka kutaya nyambo imodzi yabwino. Ndinagwira mbedza ndi zala ziwiri, ndinakoka mpaka ndodo itapindika ngati uta, n'kusiya. Nyambo inagwera pamalire a madzi othamanga ndi odekha, pamene thovu limandandalika mzere, ndipo mzere umenewo ndiwo njira ya chakudya. Chovuta chenicheni chimayambira pomwepo, chifukwa nyambo iyenera kutsika ndi liwiro la madzi ngati kachilombo kopanda mphamvu, koma chingwe chikagona pamadzi othamanga chimaikoka, ndipo nsomba imazindikira nthawi yomweyo kuti pali chinyengo. Ndinakweza ndodo kuti chingwe chisakhudze madzi, kungosiya kaulusi kopyapyala ka kumapeto.

Ulendo wachinayi kaulusiko kanaima pang'ono pamene sikanayenera kuima. Ndinatukula dzanja mofatsa, ndipo ndodo inanjenjemera. Inali yaing'ono, yamasentimita pafupifupi 22, ya madonthomadontho akuda kumsana ndi mzere wofiirira m'nthiti. Popeza mbedza zanga ndinaziphwanya kale kamunga kake, kuichotsa sikunatenge nthawi. Ndinanyowetsa manja ndisanaigwire kuti ndisachotse nanda la pakhungu lake limene limaiteteza ku matenda, ndipo ndinaisunga m'madzi itapenya kumtunda mpaka inadzimenya yokha n'kulowa pansi pa muzu. Ena amandiseka kuti ndimakwera phiri n'kubwerako wopanda ndiwo, koma m'mene zacheperamu sindikuona kuti ndingaitengere kunyumba ndi mtima uti.

Kuyambira pamenepo mpaka cha m'ma 11 koloko sindinaonenso ina. Ndinayesa nyambo yoyandama yooneka ngati nyerere pansi pa nthambi zolendewera, ndinayesanso yofanana ndi chiwala pamalo a udzu, koma madzi anangokhala duu. Nditayezanso pamalo opanda mitengo ndinapeza madigiri 19, ndipo ndinapinda ndodo, chifukwa nsomba yolimbana ndi mbedza m'madzi ofunda imatha kufa ngakhale munthu ataibwezera bwinobwino.

Potsika ndinaima pa damu la Mulunguzi, limene limamwetsa mzinda wa Zomba, ndipo nalonso likuonetsa dothi lofiira m'mbali. Ndinagula timabulosi kwa anyamata a m'mbali mwa msewu n'kufika kunyumba maondo a buluku ali matope okhaokha. Usiku uno ndayala nthenga za nkhanga ndi za tambala patebulo kuti ndimange nyambo zofanana ndi ngumbi, pakuti mvula yoyamba ikagwa mu November zimagwera m'madzi zambirimbiri, ndipo ndikufuna ndidzabwerere ku dziwe lachiwiri lija madzi asanadetsedwe ndi matope.