Sabata yomwe ndinathera ku Springfield ndili mu situdiyo

Lolemba m'mawa mkonzi wathu anandipatsa ntchito yokonza pulogalamu ya pa wailesi ya mbiri ya Barack Obama. Iwo anali atayikonza kale mumtima: bambo ake a ku Kenya, kenako White House, kanyimbo pakati, basi. Ndinati, "Bwana, zimenezo ngakhale ana asukulu akuzidziwa. Mundilole ndikumbe za zaka zomwe anali phungu wa nyumba ya malamulo ya ku Illinois." Anavomera, koma monyinyirika.

Omvera anayenera kumva kaye kuti ku America chigawo chilichonse chili ndi nyumba yake ya malamulo. Ya ku Illinois imakumana mumzinda wa Springfield, ndipo seneti yake ili ndi mipando 59. Mu senetiyo Obama anaimira dera la nambala 13, kum'mwera kwa Chicago, kuyambira 1997 mpaka 2004, uku akuphunzitsanso zamalamulo pa University of Chicago.

Mkangano unabuka Lachitatu, pa nkhani ya malowedwe ake. Mpandowo unali wa mayi Alice Palmer, omwe mu 1995 anapita kukapikisana nawo pa mpando wa ku Congress, nyumba ya malamulo ya dziko lonse la America, atamudalitsa Obama kuti alowe m'malo mwawo. Atagonja kumeneko anafuna kubwerera. Obama anakana kupatuka. Anthu ake anakafufuza masiginecha a pa zikalata zolowera pa chisankho za mayiwo ndi za ena omwe ankafuna mpandowo, napeza kuti ovomerezeka sakukwana, ndipo pa chisankho cha chipulula cha 1996 anatsala yekha. Mkonzi ankati tichotse ndimeyi chifukwa ikumudetsa munthu. Ine ndinaumirira. Palibe lamulo lomwe anaphwanya, koma womvera adziwe kuti munthuyu ndale ankazidziwa, ndipo chifundo pampando analibe. Mu 2000 naye anazilawa: Bobby Rush anamugwetsa kutali pomwe ankalimbirana mpando wa ku Congress.

Lachinayi lonse linathera pa lamulo limodzi la mu 2003, lomwe kwa ine ndiye mtima wa pulogalamuyi. Nthawi imeneyo ku Illinois kunali kutadziwika kuti anthu ena omwe anagamulidwa kuti aphedwe anali osalakwa, mpaka bwanamkubwa George Ryan anasintha zilango za onse omwe ankadikira imfa. Obama anabweretsa bilu yoti apolisi azijambula pa vidiyo akamafunsa munthu woganiziridwa mlandu wakupha. Apolisi poyamba anaikana. Iye sanathamangire kumisonkhano kukawanyoza. Anakhala nawo pansi mobwerezabwereza, iwowo ndi oimira boma pa milandu, kusintha apa ndi apo, n'kuwaonetsa kuti tepi imatetezanso wapolisi amene akunamiziridwa kuti anamenya munthu. Biluyo inadutsa, ndipo Illinois inakhala chigawo choyamba kukhazikitsa zimenezi kudzera m'nyumba ya malamulo. Tisaiwale kuti chipani chake cha Democratic chinali chitangotenga seneti, ndipo mtsogoleri wa senetiyo Emil Jones ndiye ankamuponyera mabilu ooneka. Popanda mkuluyu, luntha lokha silikanamufikitsa patali.

Vuto la nkhani yotere pa wailesi n'lakuti ilibe phokoso. Mulibe khamu lokuwa, ndi anthu okhala m'chipinda kukangana pa chiganizo chimodzi. Lachisanu tikujambula, fani titazimitsa kuti isamveke pa maikolofoni, thukuta lili kamukamu, wowerenga wathu anaima pakati pa ndime n'kuvula mahedifoni.

"Achimwene, apa anthu sagona?"

"Werengani pang'onopang'ono, achemwali, ngati mukuuza munthu amene m'bale wake ali m'chitokosi usiku uno."

Anabwereza, ndipo inatuluka bwino. Titaphatikiza zonse, pulogalamu inapitirira nthawi ndi mphindi zitatu. Mkonzi analoza ndime ya mayi Palmer. Ine ndinadula kanyimbo ndi theka la za ku White House, ndipo inaulutsidwa Loweruka madzulo.