Kampu ya atsikana kutchire: werengani oyang'anira poganizira tsiku lovuta

Mavuto ambiri a kampu ya atsikana ya kutchire amayambira pa pepala, tenti isanakhomedwe n'komwe. Mkulu wa kampu amawerenga atsikana, n'kuwagawa kwa oyang'anira, masamu akatheka n'kukhutira. Bungwe la American Camp Association, lomwe limayendera makampu ku United States, limati pa kampu yogonera komweko woyang'anira mmodzi akhale ndi ana 6 a zaka 6 mpaka 8, kapena ana 8 a zaka 9 mpaka 14, kapena ana 10 a zaka 15 mpaka 18. Manambala amenewa ndi abwino pamalo pomwe pali namwino, galimoto ndi msewu. Gulu likalowa m'nkhalango kwa masiku asanu, nkhani imasintha.

Tiyerekeze atsikana 8 ali ndi oyang'anira awiri, ndipo tsiku lachitatu mmodzi wabinya mwendo, sangathe kuponda. Woyang'anira wina akhala naye. Winayo akapita kukaitana chithandizo ndiye kuti ayenda yekha m'tchire, zomwe n'zoopsa pazokha, ndipo atsikana 7 otsalawo atsala m'manja mwa munthu amene maso ake onse ali pa wovulala. N'chifukwa chake ulendo wautali umafuna akuluakulu atatu. Ngati ndalama sizikulola, awiriwo anyamule foni ya setilaiti, pakuti netiweki ya masiku onse siidalirika kutchire, komanso mapu olembedwa kale malo onse otulukira kumsewu. Mapu ena ofanana nawo atsale ndi mkulu wa kampu, ndipo agwirizane ola loimbirana tsiku lililonse ndi chochita ngati foni sinalire.

Pakati pa oyang'anirawo, mmodzi adziwike bwino kuti ndiye mwini mawu omaliza. Awiri ofanana mphamvu amakangana pamaso pa ana mitambo ikuda, ndipo nthawi zambiri amapambana ndi wolimba pakamwa. Mtsogoleriyo aike nthawi yobwerera asananyamuke: ikakwana 2 koloko masana, kaya nsonga ya phiri ikuoneka pafupi, gulu litembenuka. Bingu likamveka, onse atuluke m'madzi ndi kutsika pamalo okwera, ndipo adikire mphindi 30 kuchokera pa kugunda komaliza. Malamulo otere amapangidwa mitu ili yozizira chifukwa pakati pa ulendo mtima wofuna kusangalatsa ana umaposa nzeru.

Za maphunziro, satifiketi ya chithandizo choyamba ya m'tauni siyokwanira, chifukwa imaphunzitsa munthu kusunga wodwala mpaka ambulansi ifike. Kosi ya chithandizo choyamba cha kutchire yotchedwa Wilderness First Aid imatenga maola pafupifupi 16, pomwe ina yozama kuposa imeneyi, ya Wilderness First Responder, imatenga 70 mpaka 80. Mtsogoleri wa ulendo wakutali akhale ndi yachiwiriyi. Komabe pepala lokha silitchinga mvula. Sabata yokonzekera atsikana asanafike, oyang'anira ayende okha njira yomweyo, agubuduze bwato mwadala n'kulikweranso, ayatse chitofu kukugwa mvula, ayesere kufunafuna mwana wosochera.

Tsopano pali zinthu zomwe amazidziwa ndi okhawo amene anayendapo ndi atsikana. Chachikulu n'chakuti ambiri amabisa ululu poopa kuchedwetsa anzawo. Kufunsa kuti "nonse muli bwino?" n'kutaya nthawi, onse avomera. Tsiku loyamba, mutayenda theka la ola, imani, aliyense avule nsapato ndi masokosi, muone zidendene ndi maso anu. Pofiira pamatidwe pulasitala pomwepo lisanakhale thuza. Chikwama chisapitirire gawo limodzi mwa magawo asanu a kulemera kwa mwiniwake, ndipo lamba wake amange m'chiuno kuti katundu asapweteke mapewa.

Chinanso ndi madzi. Mtsikana wochita manyazi kudzithandiza kutchire amangosiya kumwa, osauza munthu. Pofika tsiku lachiwiri mutu ukumuwawa, wafooka, wadzimbidwa, ndipo woyang'anira wosadziwa amaganiza kuti wapukwa kwawo. Mankhwala ake ndi kulankhula poyera madzulo oyamba, fosholo yaing'ono ili m'manja: dzenje likumbidwe lakuya masentimita 15 mpaka 20, pamtunda wa mamita 60 kuchokera pamadzi ndi pamatenti, ndipo azipita awiriawiri, wina n'kuima chapatali. Muziyang'ana mabotolo awo masana. Botolo likakhala lodzazabe, ndi chizindikiro choti mwanayo sakumwa.

Msambo nawonso ukambidwe usanafike. Pa gulu la zaka 11 mpaka 13 n'zotheka ndithu kuti wina ayambira konko, amayi ake ali kutali. M'chikwama cha mtsogoleri mukhale mapadi apadera, sopo, kabudula wamkati watsopano, ndi timatumba totseka tosaonekera mkati tonyamuliramo zogwiritsidwa kale ntchito, chifukwa zikakwiriridwa nyama zimafukula. Mankhwala opha ululu aperekedwe pokhapokha makolo anavomereza pa fomu. Mmene woyang'anira angalandirire nkhaniyi, modekha ndi mopanda kuitana gulu, mwanayo adzakumbukira moyo wake wonse.

Pa chitetezo cha ana palibe kunyengerera. Wolembedwa ntchito aliyense afufuzidwe mbiri yake kupolisi, ndipo muimbire foni amene anamulembapo ntchito, osangowerenga kalata. Wamkulu asakhale yekha ndi mwana mmodzi pobisika. Pakhale munthu wachitatu kapena akhale poonekera. Woyang'anira wachichepere apose ana ake ndi zaka zosachepera ziwiri. Vuto la achicheperewa n'lofuna kukondedwa, kotero amalonjeza kusunga chinsinsi chilichonse. Aphunzitsidwe kunena mawu awa mwana asanayambe kuulula: "Ndikumvetsera, koma ngati pali wina akukuvulaza ndiyenera kuuza amene angakuthandize."

Oyang'anira amatopanso, makamaka nyengo ya kampu ikafika pakati. Wotopa amaiwala kuwerenga ana pochoka pamalo opumira, ndipo ana amatayikira pamenepo. Aliyense apeze maola awiri opuma patsiku ndi tsiku lathunthu pakati pa maulendo, ndipo usiku azisinthana kudzuka.

Cholinga cha zonsezi n'chakuti atsikanawo atsogolere okha popanda ngozi. Tsiku lililonse mmodzi apatsidwe mapu ndi kampasi, iye ndiye anene nthawi yonyamuka, yopuma ndi yokhoma matenti, wamkulu mmodzi ali pambuyo pake, wina kumapeto kwa mzere. Akakhota njira yolakwika koma yosaopsa, musathamangire kumukonza. Mulekeni ayende mphindi khumi, kenako mufunseni kuti mtsinje womwe uli pa mapu uyenera kukhala mbali iti.