Zikomo kwa anthu a ku Lough Erne

Ndikuthokoza anthu amene anatithandiza ine ndi mayi anga pa ulendo wathu wa ku nyanja ya Lough Erne, m'dera la Fermanagh ku Northern Ireland. Mayina sitinafunse, koma mwina uthengawu ukupezani.

Choyamba inu bambo oyendetsa boti lopita pachilumba cha Devenish. Mayi amavutika miyendo, ndipo munawagwira dzanja mpaka anaponda kumtunda, osawafulumizitsa m'pang'ono pomwe. Munatifotokozeranso kuti Molaise Woyera ndiye anayambitsa nyumba ya amonke pamenepo m'zaka za m'ma 500, ndipo nsanja yozungulira ija ndi ya m'ma 1100. Khomo lake lili m'mwamba ndithu. Mayi anangoliyang'ana n'kuseka, amvekere, "Kumeneko ine ayi."

Ku Crom, malo ena a m'mbali mwa nyanjayi, mvula inatipezerera pafupi ndi mabwinja a linga lakale. Inu amayi amene munali ndi galu munatibwereka ambulera, n'kutilondolera ku mitengo iwiri yakalekale ya yew, yomwe nthambi zake zinalukanalukana mpaka kuoneka ngati mtengo umodzi. Agologolo ofiira aja sitinawaone, anatibisalira. Ambulera yanu tinaisiya pamalo olandirira alendo monga munanenera.

Ambuye akudalitseni nonse.