Kagalimoto kanga ka magetsi: chitseko chalowa, nkhani yatsala pa chiwongolero

Chitseko chija tsopano chili pamalo pake. Chikutseguka, chikutsekeka, ndipo sichikukhula pa fulemu.

Kwa amene mwangoyamba kumene kutsatira ntchitoyi, ndikupanga kagalimoto ka anthu awiri koyendera batire, kotengera maonekedwe a Isetta. Kagalimoto kameneka kanatuluka ku Italy mu 1953 ndi kampani ya Iso, kenako BMW inagula chilolezo n'kumakapanga kuyambira 1955 mpaka 1962, ndipo inatulutsa toposa 160,000. Chitseko chake n'chimodzi basi, kutsogolo, moti nkhope yonse ya galimoto ndi imene imatseguka. Iso inkapanganso mafiriji, ndiye ukachiona chitsekocho sudabwa.

Chovuta pa chitseko chotere n'kulemera, chifukwa galasi lakutsogolo limakhala pomwepo. Langa ndinalipeza ku Ndirande kwa ogulitsa zipangizo zakale, lochotsa pa bajaji yakufa. Fulemu ya chitseko tinaipinda motsatira galasilo, poti chitsulo chimalola kupindidwa pomwe galasi silimva zimenezo. Mahinjesi ndi a geti, ali kumanja kuti munthu azitulukira chakumanzere, kutali ndi magalimoto odutsa. Achimwene amene amandiwotcherera atachinyamula anapukusa mutu n'kunena kuti, “Bwana, chimenechi chikadzamenyetsa mwana chala mudzandikumbuka.” Ndiye tinaikapo kachitsulo ka mpweya kothandiza kutsegula buti ya galimoto. Pano chimatseguka ndi dzanja limodzi n'kuima chokha.

Tsono chiwongolero. Pa Isetta chimamangiriridwa ku chitseko, ukamatsegula nachonso chimapita panja kudzera pa universal joint (cholumikizira chotha kupindika mbali zonse), iwe n'kulowa mosavuta. Anthu ambiri amakonda Isetta chifukwa cha kameneko, inenso ndimakopeka nako. Koma taonani zimene anachita a Microlino ku Switzerland. Banja la Ouboter, eni ake a Microlino, linaonetsa kagalimoto kawo ka magetsi ku Geneva mu 2016, kotengera Isetta yomweyi. Atakajambulanso, chiwongolero anachichotsa ku chitseko n'kuchikhazika pa thupi la galimoto, ndipo kotereko ndi kamene kanayamba kupangidwa ku Turin mu 2022. Ine ndatsatira iwowo. Cholumikizira chimene chizipindika nthawi iliyonse ukatsegula, kenako n'kumagunditsidwa m'maenje a misewu yathuyi, sichingachedwe kuyamba kugwedera, ndipo chiwongolero chogwedera sindikuchifuna olo pang'ono.

Kuipa kwake n'koti polowera pachepa. Ndinaimika thabwa pamene chiwongolero chidzakhale n'kuyesa: umaponda ndi mwendo wamanzere, kutembenuka, kukhala kaye pampando wa mnzako, kenako n'kusendera kumanja. Zikutheka, ngakhale wovala chitenje chothina adzang'ung'udza.

Kumbuyo ndatsalira kwa Isetta. Mateyala ake awiri anali oyandikana kwambiri moti sankafuna differential (magiya olola mateyala kuzungulira pa liwiro losiyana pokhota), ndipo ine zandipulumutsa ndalama: mota imodzi, tcheni, ndi chitsulo chimodzi chozunguza onse awiri. A Microlino anawatalikitsa kuti kasamapendame, koma kawo kamafika 90 km pa ola. Kanga sikadzaposa 40, komanso batire ndaiikira malo pansi pa mpando kuti kulemera kukhale mmunsi. Ndi maselo 16 a LiFePO4 (mtundu wa batire ya lithium), lililonse la mavolti 3.2, onse pamodzi 51.2. Sindinawalumikize, ndikudikira BMS, kachipangizo koyang'anira batire, poti maselo amenewa satchajidwa popanda chowayang'anira.

Chotsatira ndi denga. La Isetta linali la nsalu, ndipo sikunali kukongoletsa chabe: ukawombana ndi china kutsogolo chitseko n'kukanirira, potulukira ndi pamenepo. Ndagula kale nsalu ya tenti. Amene mukudziwa telala wosoka mipando ya magalimoto mu Blantyre muno, woti atha kuika zipi yosalowetsa mvula, tandiuzeni.