Phulusa la kuseri kwa chigayo cha amalume

Kuseri kwa chigayo cha mpunga cha amalume anga ku Nkhotakota kuli chimulu cha mankhusu chimene sindinachionepo chitatheratu chiyambire ndili mwana. Anthu akakolola, chimulucho chimakula mpaka kutsala pang'ono kulingana ndi denga. Kenako wina amachiyatsa. Sichiyaka lawi, chimangonyeka chamumtima kwa masabata, utsi uli tolotolo, fungo ngati la mpunga wopserera pansi pa poto. Tili ana tinkathamanga pamwamba pake, mpaka tsiku limene mwendo wa msuweni wanga unalowa m'kati, n'kupsa chidendene. Pamwamba pankaoneka pozizira koma pansi panali moto.

Ndili m'chaka chomaliza cha maphunziro a zomangamanga, aphunzitsi ondiyang'anira pa kafukufuku anandifunsa kuti kwathu n'kuti. Nditatchula, anangoti, "Ndiye mankhusu muli nawo. Kawatenge." Ndinapita, ndinadzaza matumba awiri a mankhusu ndi limodzi la phulusa la pachimulu paja. Amalume ankandiyang'ana ataima pakhomo la chigayo, fumbi lili mbuu m'nsidze.

"Mphwanga, sukulu yonse ija mayi ako anagulitsira mbuzi, n'kuti ukaphunzire phulusa?"

Kondakitala wa basi naye anandilipiritsa katunduyo ngati ndi mpunga weniweni, ndipo sanafune kumva zoti m'matumbamo muli zinyalala.

Nkhani yake ndi simenti: tinkafuna kuona ngati phulusa la mankhusu lingalowe m'malo mwa gawo lina la simenti. Kuti apange simenti amawotcha miyala ya laimu pamodzi ndi dongo mu uvuni wotentha pafupifupi madigiri 1,450, n'kutuluka timibulu totchedwa klinka, timene amatipera. Mpweya wa kaboni, umene ukutenthetsa dziko, umatuluka pawiri: ku malasha owotchera, komanso m'mwala wa laimu momwemo ukamasweka ndi moto. Mpweya wa m'mwalawu sungauzembe ngakhale utawotcha ndi magetsi a dzuwa. N'chifukwa chake simenti yokha imatulutsa pafupifupi magawo 8 pa 100 alionse a mpweya wa kaboni umene anthu amatulutsa padziko lonse. Kuno kwathu palinso lina. Mu 2018 boma linakhazikitsa malamulo oletsa njerwa zowotcha pa zomanga zikuluzikulu pofuna kupulumutsa mitengo, ndipo ndikugwirizana nazo, poti ndinaonapo mmene uvuni umodzi wa njerwa umamezera mitengo ya mango ya mudzi. Koma mabuloko olowa m'malo mwa njerwazo amadya simenti, ndipo amene anagulapo thumba la makilogalamu 50 posachedwapa akudziwa mmene m'thumba mwake munapepukira.

Ndiye ofufuza akhala akusaka chinthu choti chichepetse klinka popanda kufooketsa konkire. Si nzeru yatsopano. Aroma ankasakaniza laimu ndi phulusa la phiri lophulika la ku Pozzuoli, kufupi ndi mzinda wa Naples ku Italy, ndipo zina zimene anamanga zilipobe. M'zaka za m'ma 1970, P. K. Mehta wa ku yunivesite ya California ku Berkeley anaonetsa kuti phulusa la mankhusu a mpunga lingagwire ntchito yomweyo likawotchedwa mosamala. Mpunga ukamakula umayamwa silika, chinthu chimene chimapezekanso mumchenga, kuchokera m'nthaka n'kumusunga m'khungu lake. N'chifukwa chake mankhusu amayabwa, ndipo mbuzi siziwafuna. Simenti ikakumana ndi madzi imauma, koma imasiyanso laimu wina wongokhala, wosawonjezera mphamvu. Silika wa m'phulusa amagwirana ndi laimu wotsalayo n'kupanga guluu wina wotseka timipata ta m'konkire.

Pa pepala zinali zokoma choncho. Ine ndinayamba ndi phulusa la pachimulu cha amalume, chifukwa mumtima ndinkafuna kuti likhale limenelo. Likanatheka, bwenzi aliyense wokhala pafupi ndi chigayo akungotapa ndi wilibala. Ndinalisefa, ndinachotsa gawo limodzi pa magawo khumi a simenti n'kuikapo phulusalo, ndinaponda, ndinathira m'zikombole zachitsulo. Vuto linaonekera pa fosholo pomwepo. Matope ake anali ouma gwa, akumwa madzi ngati munthu wochokera kudimba, chifukwa phulusa lakudalo linali lodzaza makala osapsa. Ukawonjezera madzi kuti apondeke, konkire imafooka. Timabuloko tija tinagona m'thanki yamadzi, ndipo pa tsiku la 28 tinatiika m'makina ofinya. Tinaphwanyika msanga, mopanda ulemu, kutsalira kutali ndi ta simenti yokhayokha. Bambo amene amayendetsa makinawo, munthu wosalankhulalankhula, anatola chidutswa n'kuchifikisa ndi chala. Sananene kanthu. Ndikanakonda akanandiseka.

Phulusa la pachimulu ndi losakanikirana. Pamwamba silipsa mokwanira, pakati penipeni pamatha kutentha mopitirira, ndipo apa m'pamene pali chinsinsi chonse. Silika wogwira ntchito ndi amene wawotchedwa pa madigiri apakati pa 500 ndi 700. Moto ukapitirira kwambiri, cha m'ma 800 kupita m'tsogolo, silika uja amasanduka timiyala tolimba tofanana ndi mchenga, tosagwirananso ndi laimu, ndipo fumbi lake ndi loipa m'mapapo. Phulusa lake limatha kuoneka loyera bwino, lokongola, koma lili lakufa. Ndi maso sungasiyanitse.

Ndinayambiranso ndi mankhusu aja, m'kauvuni kamagetsi ka mu labu, kolowa mbale ziwiri zokha nthawi imodzi. Apa m'pamene masamu anandilasa. Pa makilogalamu 100 a mpunga wosapuntha, mankhusu amakhala pafupifupi 20, ndipo ukawawotcha umatsala ndi phulusa la makilogalamu 4 basi. Matumba anga awiri, amene kondakitala anandidyera ndalama, anatha m'kandowa kamodzi kosadzaza. Magetsi anathima katatu moto uli pakati, ndipo ulendo uliwonse ndinkataya zonse poti sindikanadziwa kuti zapsa kufika pati. Kenako kupera, mpaka phulusa lisalale ngati ufa woyera wosefa kawiri.

Pa tsiku la 7 timabuloko tatsopanoto tinali totsalirabe pang'ono, ndipo ndinagona ndi njala yosafuna chakudya. Aphunzitsi anati ndidikire, phulusa silithamanga. Pa tsiku la 28 ta gawo limodzi pa khumi tinafanana ndi ta simenti yokhayokha. Bambo a makina aja anayang'ana nambala, anayang'ana ine, n'kuti, "Achimwene, bweretsani kena tione." Mawu amenewo ndinawasunga kuposa malikisi amene ndinapatsidwa.

Lipoti ndinalemba, linamangidwa chikuto chabuluu, lili pa shelefu pamodzi ndi ena. Ndipo apa ndili ndi kadandaulo. Pa shelefu yomweyo ndinapezapo malipoti a anzanga akale amene anachita zofananazo, wina ndi phulusa la zitsononkho, wina la zotsalira za nzimbe, ndipo tonse timathera pa chiganizo chimodzi chakuti zimatheka. Zoti zimatheka tinazidziwa kale kuyambira nthawi ya Mehta. Chimene chikusowa ndi uvuni woti mmisiri wa pa Nkhotakota angaumange ndi njerwa ndi migolo, wosunga moto pamlingo popanda magetsi, ndi chopera chotchipa, ndi njira yoti womanga nyumba adziwire kuti phulusa limene wagula ndi lamoyo. Kafukufuku wotere ndi wauve, wotenga zaka, ndipo sakwana m'miyezi isanu ndi umodzi ya wophunzira amene akuthamangira gawuni. Anzathu a ku Switzerland, Cuba ndi India anagwirizana pa simenti ya dongo lowotcha yotchedwa LC3, imene klinka yake ndi theka lokha, ndipo sanaimire mu labu, anakafika nayo m'mafakitale. Ifenso dongo tili nalo, mwina lochuluka kuposa mankhusu.

Pa Khirisimasi ndinapita kumudzi ndi kabuloko kamodzi kamene sindinakaphwanye, n'kukapereka kwa amalume. Anakatembenuza, anakagogoda ndi sipanala, anakaponya pansi pa simenti ya m'chigayo. Sikanasweke.

"Ndiye ukuti muli mankhusu angawa?"

Ndinati eya, pang'ono.

"Ukanabwera chaka chatha," anatero akuloza kuseri. Chimulu chija chinali chitafupika kufika m'chiuno. Oweta nkhuku za mazira ayamba kubwera ndi malole kudzagula mankhusu oyala m'makola, owotcha njerwa nawonso akutapa, ndipo amalume tsopano amawerenga matumba. Anandifunsa kuti anthu anga a simentiwo angapereke zingati pa thumba, poti a nkhuku amalipira pompopompo.

Kabuloko kaja anakasunga. Amatsekera chitseko cha chigayo kuti chisamamenyeke ndi mwera.